Land Rover ya 1973 imene inamwa malita 3 a fuluwidi koma buleki osagwira

Galimotoyi inafika pagalaja panga ku Zomba itakwezedwa pa lole, Lolemba m'mawa, kukuzizira kwa mu June. Ndi Land Rover Series III ya 1973, yaitali ija ya mainchesi 109 pakati pa matayala akutsogolo ndi akumbuyo, pikiapu, injini ya petulo ya malita 2.25. Mwini wake ndi bambo wina amene anapuma pantchito yauphunzitsi. Galimotoyo anawasiyira ndi malemu bambo awo, omwe anaigula kalekale ku esiteti ina ya tiyi ku Thyolo, ndipo inakhala m'shedi zaka 6 osayenda, nkhuku zikuikira mazira pampando. Chaka chino anaganiza zoidzutsa. Injini inalira osavuta, monga achitira magalimoto amenewa. Mabuleki ndi amene anawaonetsa zakuda.

"Amisiri, tagula chilichonse chatsopano," anatero akutsika pa lole paja. "Tapopa mpaka mwendo kuwawa. Ukaponda pedulo zikungokhala ngati waponda matiresi."

Ndinawakhazika pabenchi n'kuwafunsa bwinobwino zimene zinachitika galimotoyo isanafike kwa ine. Makaniko wa kwawo anasintha masilinda onse a kumatayala, omwe pagalimoto iyi alipo 6, anayi kutsogolo ndi awiri kumbuyo. Anaikanso ma shoe atsopano mbali zonse, zitsulo zokhota zomatidwa layiningi zomwe masilindawo amakankhira padilamu kuti tayala liime. Atabulida, kutanthauza kuchotsa mpweya m'mapaipi, pedulo inakana kulimba. Anabwereza kawiri, katatu. Kenako anagamula kuti master cylinder, silinda yomwe pedulo imakankha kuti itumize fuluwidi kumatayala, yatha, bambowo n'kuitanitsa yatsopano kudzera mwa mphwawo wa ku Johannesburg. Itaikidwa, palibe chinasintha. Pofika tsiku limene anandiimbira foni n'kuti atathira malita pafupifupi 3 a fuluwidi wa buleki m'galimoto yomwe mapaipi ake onse sangamalize ngakhale lita imodzi.

Makaniko uja sindikumunyoza ayi. Wazolowera ma Toyota ndi ma Nissan a madisiki kutsogolo, omwe ukatsegula nipulo (kabawuti kotulutsira mpweya) n'kupopa kasanu ntchito yatha. Land Rover yaitali ili ndi khalidwe lakelake, ndipo inenso inandigonetsa ndi njala ulendo woyamba.

Mmene mabuleki a galimotoyi alili

Matayala onse anayi ndi a madilamu, mainchesi 11 kukula kwake, mamilimita 279. Makina ake ndi a kampani ya Girling. Iyi ilibe servo, chipangizo chothandiza mwendo poponda buleki, ndipo mzere wa fuluwidi ndi umodzi wokha: paipi imodzi ikaphulika, mabuleki onse anayi apita nthawi yomweyo. Kumbuyo tayala lililonse lili ndi silinda imodzi yokankha ma shoe awiri. Kutsogolo tayala lililonse lili ndi masilinda awiri, ina pamwamba ina pansi, iliyonse ndi shoe yake. Anachita dala kuti ma shoe onse awiri aziluma dilamu mwamphamvu galimoto ikamapita kutsogolo. N'chifukwa chake ma 109 amaima bwino popita kutsogolo koma amachita ulesi ukamabwerera chambuyo pamtsetse.

Handibuleki ilibe nawo gawo pankhaniyi chifukwa ili ndi dilamu yakeyake kuseri kwa transfer box, bokosi logawa mphamvu kumatayala akutsogolo ndi akumbuyo, imagwira shafiti osati matayala. Koma ili ndi msampha wake. Mukakweza tayala limodzi lakumbuyo pa jeke, handibuleki ija sithandizanso kanthu, galimoto ikhoza kugubuduka chifukwa cha difu. Tinaika galimoto yonse pa masitandi anayi pasimenti, tisanalowetse mutu kunsi.

Kufufuza

Ndisanatsegule nipulo iliyonse ndinakhala pampando n'kuponda ndekha. Mwendo umauza zambiri ngati uumvetsera. Pedulo yomwe ukaigwira mwamphamvu imatsika pang'onopang'ono yokha ndiye kuti fuluwidi akuthawa penapake, kunja kapena mkati mwa master cylinder. Yomwe imapita patali koma ikafika imagunda molimba ngati mwala, n'kukwera ukapopa kachiwiri, ndiye kuti ma shoe ali kutali ndi dilamu. Yomwe imanyemvuka ngati labala ndiye mpweya, pakuti fuluwidi safinyika pomwe mpweya umafinyika, choncho mphamvu ya mwendo imathera pofinya thovu m'malo mokankha pisitoni. Iyi inali ndi zizindikiro ziwiri pamodzi. Ulendo woyamba inkatsala pang'ono kugunda pansi. Ukapopa katatu inkakwera kufika pakati, koma ili wefuwefu. Ukaigwira pamenepo sinkatsika.

Apa m'pamene ndinachita zosiyana ndi makaniko uja. Sindinapope. Ndinatenga zopanira mahosi zitatu. Land Rover iyi ili ndi mahosi a labala atatu okha, limodzi ku tayala lililonse lakutsogolo ndi limodzi lotsikira ku ekiselo yakumbuyo. Ukapana onse atatu, matayala onse wawachotsa pamzere, yatsala master cylinder ndi mapaipi achitsulo. Mnyamata amene ndikumuphunzitsa ntchito anapana, ine n'kuponda. Pedulo inangoyenda pang'ono n'kuima nji, pamwamba penipeni. Ndinaigwira mphindi yathunthu, osasuntha.

Ndinaitana bambo aja kuti adzaponde okha. Anaponda, anandiyang'ana, anapondanso. "Ndiye kuti master yakale ija inalibe mlandu?" Ndinawayankha kuti za yakaleyo sindingaweruze chifukwa sindinaione, koma yomwe ilipoyi ndi yabwino, ndipo vuto lili kumatayala. Atabweretsa yakaleyo tsiku lina ndinaitsegula, mkati munali dzimbiri kumapeto kwa bowo, moti kusintha kuja sikunali kutaya ndalama kwenikweni. Kungoti si imene inkadwalitsa galimoto.

Tinamasula chopanira chakumbuyo chokha. Pedulo inatsika kwambiri, koma pofika pansipo inali yolimba, ndipo kupopa kachiwiri inakwera. Kumbuyo kulibe mpweya wambiri, kuli mtunda. Tinapananso. Tinamasula chakutsogolo kumanja: wefuwefu pang'ono. Tinapana, n'kumasula chakumanzere: pedulo inamira ngati waponda m'dambo. Pasanathe mphindi 15, osataya dontho la fuluwidi, tinadziwa kuti matenda alipo awiri ndiponso komwe aliyense akukhala.

Mawu amodzi pa zopanirazi. Zikhale za milomo yobulungira, zopangira ntchito imeneyi. Pulayala yokhoma ija ya mano imaphwanya ulusi wa mkati mwa hosi, kunja kukuoneka bwinobwino. Ndipo mahosi olukidwa ndi waya kunja sapanidwa n'komwe. A galimoto iyi anali akale, atachita ming'alu ngati chidendene cha m'chilimwe, ndiye ndinali nditagamula kale kuti onse atatu achoka. Zinandidabwitsa kuti munthu anasintha zonse zodula n'kusiya zotchipazi. Hosi yokalamba imatupa ukaponda, n'kudya mphamvu ina ya pedulo, kapena imafufuma mkati n'kumalola fuluwidi kupita koma osabwerera, tayala n'kumagwira lokha.

Kumbuyo

Pa 109 tayala lililonse lili ndi maajasita awiri, timawilo tooneka ngati chigoba cha nkhono, tomwe ukazungulitsa kuseri timakankhira shoe kufupi ndi dilamu. Ajasita wabwino ukamuzungulitsa amafika poti tayala lakana kuzungulira. Kumbuyo kumanja onse awiri anachita zimenezo. Kumanzere mmodzi ankangozungulira mpaka kudumpha, tayala likuyendabe mwaufulu, winayo ankangokhudza pang'ono.

Titachotsa dilamu chifukwa chake chinaonekera. Ma shoe akumbuyo a galimoto iyi amaoneka ofanana ukawayang'ana mothamanga, koma si ofanana. Pali yotsogola ndi yotsatira. Kachikhomo komwe ajasita amakankha sikali pamalo amodzi pa ziwirizi, ndipo layiningi nayo inamatidwa mosiyana. Anazisemphanitsa: yakutsogolo anaika kumbuyo, yakumbuyo kutsogolo. Ma shoe ankabwerera patali, ndiye ukaponda, fuluwidi yense wa ulendo woyamba ankathera pongowayendetsa kuti akafike padilamu. Mungabulide mpaka Khirisimasi, zimenezi sizichoka ndi kupopa. Tinazibweza m'malo mwake, maajasita onse awiri n'kuyamba kugwira.

Fumbi la m'madilamu sitiliuzira ndi kompuresa. Malayiningi akale ankapangidwa ndi asibesitosi, ndipo sudziwa zomwe zinatsalira m'makona a galimoto ya zaka zoposa 50. Timapukuta ndi sanza yonyowa. Mnyamata wanga amaona ngati ndimangovuta, koma ndinamulanda paipi ya mphepo m'manja tsiku lomwelo.

Nipulo ya tayala lomwelo inali itaphwanyidwa makona ndi pulayala ngakhale inali yatsopano. Ndinaithira mafuta omasulira dzimbiri, n'kukhomerera soketi ya makona 6 yocheperako pang'ono, inatuluka. Tinaika ina.

Mahosi ndi mazinga ake

Mahosi atsopano ndinakawapeza ku Limbe, ndipo ndinanyamula akalewo m'thumba kuti ndikafananize. Chifukwa chake n'chakuti Land Rover inasintha mazinga a mapaipi a buleki cha m'ma 1980. Zakale ngati iyi ndi 3/8 UNF, muyeso wa mainchesi, zapambuyo pake ndi M10 ya metiriki. Kusiyana kwake n'kochepa moti maso sangaone: 3/8 ndi mamilimita 9.5, inayo 10, ndipo mazinga ake amatalikirana pafupifupi mofanana. Nati ya UNF imalowa m'bowo la metiriki, imamangika ndithu ngati zili bwino, koma yangogwira nsonga za mazinga. Tsiku limene mudzaponde mwamphamvu chifukwa mwana wadutsa pamsewu, m'pomwe idzafwamphuke. Lamulo langa ndi loti nati iliyonse ilowe ndi zala mpaka pafupi ndi mapeto, ndipo isagwedere. Ikafuna sipanala kuyambira pachiyambi, kapena ikamagwedera ili mkati, si yake. Masilinda onse omwe anaikidwa ndinawayesa motero, mwamwayi onse anali a UNF.

Paipi imodzi yachitsulo ya pamwamba pa ekiselo yakumbuyo inali itadyeka ndi dzimbiri pomwe matope amakhala. Ndinapanga ina ya 3/16 ya inchi kukula kwake.

Fuluwidi

Amene tinakhetsa anali wosakanikirana, wina woyera wina wakuda ngati tiyi wopanda mkaka. Kuseri kwa mpando kunali botolo lotsegula lomwe bambowo anati linatsala nthawi ya malemu, ndipo makaniko uja anathirako poyamba asanagule watsopano. Ndinalitaya. Fuluwidi wa mitundu ya DOT 3 ndi DOT 4 amayamwa chinyontho cha mumpweya. DOT 4 watsopano sayenera kuwira asanafike madigiri 230, koma akamwa madzi pang'ono chabe, osakwana magawo 4 pa 100, malire ake amatsika kufika pa 155. Wa DOT 3 amachoka pa 205 kufika pa 140. Pamsewu wosalala simungadziwe kusiyana. Mudzadziwira potsika phiri, madilamu atatentha, madzi aja atasanduka nthunzi, pedulo n'kupita pansi yopanda kanthu. Ikazizira imabwerera ngati palibe chinachitika, munthu n'kumati galimoto yalodzedwa. Madzi omwewo ndi amene amadya masilinda mkati galimoto ikangokhala, monga zinachitikira iyi m'shedi muja. Zaka 2 zilizonse fuluwidi azisinthidwa, galimoto iyende isayende.

Ndinagwiritsa DOT 4, mabotolo osatsegula. Ena okonda magalimoto akale amaika DOT 5 wa silikoni chifukwa sayamwa madzi ndipo sadya penti, koma sasakanizidwa ndi enawa, ndipo ukasowa uli ku Phalombe sukamupeza pa filing'i sitesheni. Oyilo wa injini kapena wa giyabokosi asayandikire n'komwe, amatupitsa malabala onse m'masiku ochepa. Ndinalandirapo minibasi yomwe anathiramo madzi a sopo kuti ingofika, tinasintha chilichonse.

Kutsogolo, komwe kunali nkhani yeniyeni

Hosi ikachoka ku chasisi imafika pa kapaipi kolowa mu silinda yapamwamba. Kuchoka apo paipi ina imazungulira kuseri n'kutsikira ku silinda yapansi, ndipo nipulo ili pa yapansiyo. Mpweya umakwera, aliyense amene anaonapo thovu m'botolo la Fanta akudziwa. Ndiye taganizani: mukufuna kutulutsa chinthu chokonda kukwera, koma khomo lotulukira analiika pansi. Kuwonjezera apo, masilindawa anagona chopingasa, ndipo mabowo olowera ndi otulukira fuluwidi sali padenga pa silinda. Pamwamba pa mabowowo pamatsala kachipinda komwe thovu limakhala phee, fuluwidi akudutsa kunsi kwake. Pa nipulo pamatuluka fuluwidi woyera wopanda thovu ngakhale limodzi, makaniko n'kunena kuti tatha, chonsecho mpweya uli mkati ukumuseka. Malita 3 aja anadutsa njira imeneyi.

Mankhwala ake ndi kuchepetsa kachipindako. Pisitoni ikalowa mkati mpaka mapeto, malo obisalamo thovu amatsala ochepa kwambiri. Njira yachidule ndi kubweza maajasita onse mpaka kumapeto kuti masipuling'i akokere ma shoe mkati. Anthu ambiri amachita zosemphana, amayamba amanga maajasita kenako n'kubulida, zomwe zimasiya mapisitoni ali panja ndi kachipinda kali kotakasuka. Ine ndinapitirira apo. Ndinachotsa madilamu ndi ma shoe akutsogolo, n'kupana pisitoni iliyonse ndi G-clamp, zinayi zonse, kuti isasunthe ngakhale pang'ono. Popanda zopanira musayerekeze kuponda pedulo dilamu ili pansi, pisitoni imauluka ndipo fuluwidi amamwazikira pa ma shoe.

Tinayamba kubulida mwachizolowezi, kuyambira tayala lakutali ndi master cylinder: kumbuyo kumanzere, kumbuyo kumanja, kutsogolo kumanzere, kutsirizira kutsogolo kumanja kumbali ya dalaivala. Kapaipi koonekera mkati pa nipulo, mbali inayo itamira m'botolo la fuluwidi pang'ono. Mnyamata pampando, ine kunsi. "Ponda!" Ndikutsegula. "Yafika!" Ndikutseka. "Siya!" Nipulo itsekedwe pedulo isanabwerere, apo ayi imayamwanso mpweya. Ndipo isatsegulidwe kwambiri, theka la kuzungulira n'lokwanira. Ukapitirira, mpweya umalowera m'mazinga a nipulo yomweyo n'kumaoneka m'kapaipi ngati timathovu tating'onoting'ono tosatha, iwe n'kumathamangitsa mpweya womwe suli m'galimoto. Ndimapaka girisi pang'ono kuzungulira tsinde la nipulo kuti nditseke njira imeneyo.

Chinandivutitsa maganizo n'chakuti fuluwidi ankatuluka mwaulesi. Ulendo woyamba ankabwera bwino, wachiwiri pang'ono, wachitatu timadontho, mpaka titadikira kaye. Ndinaganiza zoyesa njira ina, yokankha fuluwidi kuchokera pansi kupita m'mwamba, komwe mpweya umafuna kale kupita. Ndili ndi jakisoni wamkulu wa ziweto yemwe ndimasungira ntchito imeneyi. Ndinamudzaza, kumulumikiza pa nipulo yakutsogolo kumanzere, kutsegula, kukankha. Analimba. Ankalowa, koma movutikira ngati pali chotseka kutsogolo.

Fuluwidi wokankhidwa chotere amayenera kukatulukira m'kathanki pamwamba pa master cylinder. Ngati sakufika, khomo la pakati pa silinda ndi kathanki silikutseguka bwino. Ndinatsegula kachivundikiro ka pabokosi la pedulo m'boneti n'kugwira kandodo kokankha pisitoni. Kanali gwa, kopanda mpata ngakhale pang'ono. Poika master yatsopano ija, manati awiri a pakandodoko anamangidwa moti pisitoni inkakhala itakankhidwa kale pang'ono pedulo ili m'mwamba. Pamafunika mpata wa pafupifupi milimita 1.5 kandodo kasanakhudze pisitoni. Popanda mpatawo kavavu ka mkati sikatseguka mokwanira, fuluwidi satsika bwino kuchoka m'kathanki, ndipo wobwerera kuchokera kumatayala amasowa njira. Galimotoyi ikanati ituluke chonchi, ikanayenda makilomita ochepa, fuluwidi n'kutentha n'kufufuma, mabuleki n'kuyamba kudzigwira okha. Vuto lachitatu limeneli zopanira mahosi sizikanandionetsa. Anandionetsa ndi jakisoni wa ng'ombe.

Nditakonza mpatawo, jakisoni analowa mofewa. Mnyamata anaima pa boneti ndi tochi akuyang'ana m'kathanki. Kwa kanthawi kunalibe kanthu, fuluwidi akungokwera. Kenako anakuwa, "Abwana, zikutuluka!" Anati linayamba thovu limodzi lalikulu ngati nsawawa, kenako tating'ono tambiri motsatizana. Ndinkagogoda silinda yapamwamba ndi chigwiriro cha sikuludalaiva kwinaku ndikukankha, kuti omatirira m'makoma asunthe. Kathanki kakadzaza tinkapopamo ndi jakisoni wina, chifukwa fuluwidi akasefukira amasupula penti. Majakisoni atatu kumanzere, awiri kumanja, mpaka m'kathanki munangoti zii.

Zikanakanika apa, njira yotsala inali kumasula habu ndi mbale yonse yomwe pamakhala masilinda, kuigoneka chagada kuti mabowo ayang'ane kumwamba, n'kubulida ili chomwecho. Imagwira, koma ndi ntchito ya tsiku lonse ndipo umayenera kumanganso mabering'i. Ena amasintha mapaipi kuti fuluwidi azilowera pansi, nipulo ikhale pamwamba. Ndinawafotokozera bambowo, iwo anati galimoto ikhale mmene anaisiyira malemu. Ndinagwirizana nawo.

Kulakwa kwanga

Ndilembe ndithu, pakuti kunatidyera ola lathunthu. Titatha ndi jakisoni ndinafuna kudutsanso matayala onse kamodzi ndi pedulo, kuti fuluwidi wakale atheretu. Tsopano khomo lija litatseguka, fuluwidi ankatsika msanga kuposa poyamba, ine mutu udakali pa liwiro lakale lija. Kathanki ka galimotoyi n'kakang'ono. Foni inalira, kasitomala wina akufunsa za galimoto yake, ndinayankha ndili chigonere kunsi, dzanja lina pa sipanala, pakamwa ndikuti "ponda, siya" pakati pa nkhani. Ndinangomva kuti fyoo m'boneti. Kathanki kauma, master yayamwa mpweya. Mnyamata anandiyang'ana osanena kanthu, koma ndinadziwa zomwe ankaganiza, chifukwa ndimamukalipira za chinthu chomwechi sabata iliyonse. Tinayambiranso matayala onse anayi, jakisoni ndi zonse. Kuyambira pamenepo tinkathira pakatha maulendo 5 aliwonse.

Poti master inali yatsopano, tinkaponda mpaka pansi osaopa. Ikakhala yakale ndimaika kathabwa kunsi kwa pedulo. Labala ya mkati imazolowera kuyenda kachigawo kochepa, kutsogoloko kumakhala dzimbiri ndi litsiro, ndiye ukaipititsa kumeneko pobulida imang'ambika. Galimoto imabwera ndi master yamoyo n'kuchoka ndi yakufa.

Kumanga ndi kuyesa

Tinabwezera ma shoe ndi madilamu akutsogolo. Ajasita aliyense ndinamumanga mpaka tayala litakana, kuponda pedulo kawiri mwamphamvu kuti ma shoe akhale pakati, kenako kubweza pang'onopang'ono mpaka tayala lizungulire ndi kamkokomo kochepa chabe. Maajasita 8, mmodzimmodzi. Pedulo inaima pamwamba, isanafike ndi theka lomwe, yolimba, ndipo kupopa kachiwiri sikunaikweze. Chizindikiro chimene ndimafuna n'chimenecho.

Madzulo ndinaika mtengo pakati pa mpando ndi pedulo kuti igone itapondedwa. Ena amati zimenezi zimachotsa mpweya. Ine sindizidalira pa zimenezo, ndimachitira kuti ngati pali polumikizira pomwe pakudontha, m'mawa ndipeze ponyowa. Ndinapeza pamodzi, pa paipi yomwe ndinapanga ndekha ija, kadontho kakulendewera pa nati. Ndinawonjezera kumanga pang'ono, panauma.

Kuyesa koyamba kunali pamsewu wafumbi kuseri kwa galaja, pa liwiro la makilomita 30 pa ola, kuponda mwamphamvu kenako kutsika kukaona mikwasa. Inalipo inayi, yakutsogolo yofanana kutalika, chiwongolero sichinakokere mbali. Kenako tinalowa mu M3 kulowera ku Domasi, kuima ndi kunyamuka kangapo kuti ma shoe atsopano ayambe kuzolowerana ndi madilamu. Nditaima ndinagwira dilamu lililonse ndi kuseri kwa dzanja: onse ofunda mofanana, palibe lotentha kuposa anzake.

Mayeso enieni kuno ndi phiri. Ndinatenga mwini wake tinakwera mpaka ku Ku Chawe, potsika ndinawapatsa kiyi. Anayamba kutsika ali m'giya yachitatu phazi lili pa buleki osachotsa. Ndinawaletsa. "Bambo, ikani yachiwiri, injini ikuthandizeni. Buleki muziponda mwamphamvu pang'ono kenako n'kusiya kuti ipume." Madilamu sataya kutentha msanga ngati madisiki, ndipo akatentha amafutukuka n'kutalikirana ndi ma shoe, pedulo n'kumatsika ngakhale mulibe mpweya. Anazolowera galimoto yaing'ono ya servo, ndiye poyamba ankadandaula kuti iyi ikufuna mwendo wambiri. Imafunadi. Tinafika m'tauni pedulo ili pomwe inali pamwamba paja, kukumveka kafungo pang'ono ka malayiningi atsopano.

Zomwe zinalowa pantchito yonseyi ndi mahosi atatu, nipulo imodzi, paipi imodzi yopanga ndi fuluwidi lita imodzi ndi theka, theka limenelo n'la foni ija. Masiku anali awiri, kuphatikizapo ulendo wa ku Limbe.

Kubweranso

Ndinawauza kuti abwere akayenda makilomita 300 kapena 400, chifukwa ma shoe atsopano akamakhazikika pedulo imatsikako, ndipo mabuleki awa sadzikonza okha. Anabwera patatha milungu itatu, galimoto ikudziyendera, kumbuyo kuli matumba a chimanga. Anali atakapimitsa kale n'kupatsidwa COF, chiphaso chosonyeza kuti galimoto ndi yoyenera kuyenda pamsewu. Pedulo inali itatsika pang'ono koma yolimba. Maajasita akutsogolo analandira kuwonjezera pang'ono, akumbuyo pafupifupi osasuntha. Fuluwidi m'kathanki anali pa mzere pomwe tinamusiya.

Nditachotsa dilamu lakumbuyo kumanja kuti ndione mmene layiningi ikudyekera, ndinapeza kunsi kwa habu kukuyamba kunyowa. Ndinanunkhiza: si fuluwidi, ndi oyilo wa difu, fungo lake losasokonekera lija. Silo ya habu yayamba kutopa, ndipo oyiloyo akafika pa ma shoe tayala limenelo lisiya kugwira, galimoto izikokera kumanzere. Sanafike. Ndinapukuta, n'kuwauza kuti agule masilo awiri, a mbali zonse, pamodzi ndi timawashala tokhomera manati a habu. Anati aitanitsa kwa mphwawo uja mwezi ukatha. Ndinalemba nambala ya chasisi papepala kuti akamutumizire pa WhatsApp, ndipo ndinalemba pansi pake ndi zilembo zikuluzikulu kuti 1973.